Tsiku limene ndinagonjera achemwali

Achemwali anga atadwala sitiroko, pakamwa panatsekeka. Miyezi inayi yathunthu sanatulutse liwu, munthu amene kale akayamba kulankhula sankapatsa mnzake mpata. Kuchipatala anati mawu akhoza kubwerera, akhozanso osabwerera. Ine chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: ndimvenso mawu awo, ngakhale akhale ondinyoza.

Kunyozanako tinakuyamba kalekale, ndipo nkhani yake inali nyimbo. Tinakulira ku Chia m'zaka za m'ma nainte, nthawi ya makaseti. Bambo anali ndi wailesi imodzi, mabatire ake tinkayanika padenga kuti apezeko mphamvu. Tikakhala pansi pa mango kusenda chinangwa choti tikaviike, wailesi ili pakati, nkhondo inkabuka. Ine ndinali wa kwasakwasa. Anyamata a ku Zaire aja akaliza gitala, chiuno chinkayamba chokha. Achemwali anali a rege ya konkuno, nyimbo za m'Chichewa zodandaula umphawi, maliro ndi mabodza a andale.

"Iwe ukuvina zimene sukuzimva. Mwina akukutukwana," ankatero.

"Ngati akutukwana, akutukwana mokoma. Anuwo amangolira ngati ali pasiwa."

Tinakwatiwa, iwo ku Benga, ine ku Dwangwa kumene bambo a kunyumba ankadula nzimbe. Makaseti anatha, ana anabwera ndi nyimbo zawo za m'mafoni zimene ine sindiziona mutu wake. Koma tikakumana, kaya pa chinkhoswe kaya pokolola mpunga, funso linali lomwelo: zaka zimene zija analamulira ndani? Ine ndinkati kafunseni minibasi iliyonse ya msewu wa ku Salima kuti inkaliza chiyani. Iwo ankati kamvere amene akuimbidwabe mpaka lero. Palibe anagonjapo. Ndine wamakani, ndikudziwa, koma makaniwo ndinaphunzira kwa iwo.

Tsiku lina nditapita kukawazonda ndinapeza anthu atadzaza pakhonde. Mukudziwa mmene timachitira kwa wodwala: mawu otsika, chilichonse "eya, eya", "mupeza bwino mayi". Anali atawagoneka pamphasa, dzanja lamanja lili lende. Azimayi a kumpingo atapemphera n'kubalalika, ndinasendera pafupi. Ndinkafuna kuwapatsa kanthu kowasangalatsa, ndipo m'mutu mwanga mopusamu munabwera ichi.

"Achemwali, ndaganiza bwino. Munkanena zoona. Zaka zija anali oimba anu aja. A kwasakwasa linali phokoso chabe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka misozi inayamba kutsika, ndipo anatembenuzira nkhope kukhoma. Mwana wawo wamkazi atabwera ndi phala, anafinya milomo, osalandira ngakhale supuni imodzi.

Ndinakakhala kuseri kwa nyumba, ndipo m'pamene ndinazindikira chimene ndachita. Zaka makumi atatu sindinawagonjerepo. Munthu ngati ine kugonja lero, ndiye kuti ndawauza kuti basi, zanu zatha, ndabwera kudzatsanzika. Ndinadzida kwambiri.

Ndinabwerera pakhondepo, ndipo mawu sindinatsitsenso.

"Ndabweza zimene ndanena zija. Ndimangokumverani chisoni. Oimba anu aja anali ogonetsa tulo, ndipo inu nomwe pa ukwati wanga munavina kwasakwasa mpaka chitenje kumasuka. Anthu anaona."

Mwana wawo uja anandigwira mkono. "Amayi aang'ono, mwatani kodi? Awa ndi odwala."

Achemwali anatembenuka pang'onopang'ono. Mlomo unkanjenjemera, mbali imodzi yokha ikugwira ntchito. Analimbana nalo liwulo ngati munthu wokoka bwato pamchenga ali yekha.

"Bo... bodza."

Mwana uja anagwira pakamwa. Ine ndinaseka uku ndikulira, n'kuwayankha kuti si bodza ayi, mboni zilipo, ndikhoza kukaziitana. Anabwerezanso liwu lomwelo, ulendo uno mokweza, diso lili pa ine. Phala lija anamwa.

Mawu ena anabwerera, ochepa chabe, ambiri mwa iwo onditsutsa. Anatisiya mvula yotsatira itangoyamba.

Masiku ano rege ija ikalira m'minibasi, ndimaimba nawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, anthu n'kumandicheukira. Mawu ake onse ndinkawadziwa kuyambira kale. Kungoti pano ndilibenso woti ndizimubisira.