Nyerere pa nsalu yoyera

Lero Loweruka, ndikusesa pakhonde, mnansi wanga wayatsa lubani. Fungo lake landibwezera ku Ulongwe, ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi.

Mayi anandituma kusitolo ya mayi wina wachimwenye kukagula nsalu yoyera ya Ukaristia wanga woyamba. Mumtima ndinali nditabisa mlandu. Chifukwa cha nsanje, ndinali nditaponya kaderno ya mnzanga, kope lake la masamu, m'chimbudzi cha kusukulu, ndipo aphunzitsi anamukwapula ine nditazolika.

M'sitolomo lubani ankafuka patsogolo pa chithunzi cha mulungu wawo. Nyerere inkayenda pa nsalu yanga, ndipo ndinaifinya ndi chala.

"Iwe mwana!" anakuwa mayiwo. "Kwathu timati chimene wachita chimakulondola, kaya m'moyo uno kaya m'moyo wina."

"Ngakhale nditalapa kwa ansembe?" ndinanong'ona. "Mawa ndikukalapa."

Anandiyang'anitsitsa, sizasi ili m'manja. "Ndimamva kuti Mulungu wanu amakhululuka. Nanga nyerereyi, waipepesa?"

Ndinatuluka nditafungatira nsaluyo, ikununkhira lubani. Panjira ndinatsimikiza kuti mawa lake, ndisanapite kutchalitchi ku Fonte Boa, ndikaima kaye pakhomo pa mnzanga uja, kaderno yanga ili m'manja.