Ndege ya Mapesi Yotera pa Sitima

Lero ndiulule: amene anapita ndi mwana kumtsinje ndi ine. Apongozi mpaka pano akudziwa kuti diresi ija inanyowa pamjigo.

Mwana wanga wamkazi ali ndi mphumu. Kuno kumapiri a Ntchisi chisanu chikafika, ndimangokhalira kumvetsera kapumidwe kake. Kumtsinje ndinamuletsa, kuthamanga pafumbi ndinamuletsa. Anzake akamatsikira kudimba, iye ankatsala pakhonde, pambali pa makina anga osokera.

Tsiku lina bambo ake atabwera kuchokera ku Kasakula anamuonetsa pafoni ndege yakale ya pankhondo, ya chozungulira kumphuno, kenako sitima yaikulu yonyamula ndege panyanja. Mwana anafunsa ngati ndege ijayo inkatera pasitimapo. Bambo ake anati ayi, imeneyo inali ya pamtunda basi.

"Ndiye tiipange ya pamadzi, amayi."

Satifiketi yanga ndi ya zosoka, za ndege sindidziwa. Komabe tinatola mapesi m'munda. Thupi tinapanga ndi mtima wa phesi, kulumikiza ndi timakoko take monga ana amapangira magalasi. Mwanayo anati pasitima ndi pothina, mapiko azipindika ngati a nkhuku ikamalowa m'khola. Ndinasokerera tizigamba polumikizira mapikowo. Ndinamufunsa, nanga ikatera sitsetsereka n'kugwera m'madzi? Anaganiza, kenako anazula ngowe yomangira siketi yanga yakale, n'kuimanga kumchira. Sitima inali thabwa la benchi yothyoka. Tinakungapo ulusi chopingasa kuti ngowe izikola.

Pakhonde inatera bwinobwino, koma iye sanakondwe.

"Amayi, imeneyitu si sitima. Ndi benchi."

"Iwe, nanga nyanja ndikaitenga kuti?"

Analoza kunsi kwa phiri.

Ndinakana, ndinakananso. Koma masana ena kutatentha, apongozi atapita kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinaponya mankhwala ake opopera m'kamwa m'thumba, thabwa pamutu, tinatsika.

Padziwe analowa mpaka m'mawondo, ine maso ali pachifuwa pake. Ataiponya koyamba ndege inaphonya thabwa, n'kumayandama ngati bakha. "Woyendetsa wake ndi wa ku Dowa, sadziwa madzi," anatero, anzake amene tinawapeza pomwepo n'kufa nalo phwete. Anaikutumula, anawongola mapiko, n'kuponyanso. Ngowe inakola ulusi, thabwa linapendama, ndege n'kuima chilili.

Anakuwa mokweza. Dzanja langa linali kale m'thumba, kudikira kulira kwa chifuwa kuja. Sikunabwere. Ankangopuma wefuwefu ngati mwana aliyense amene wasewera.

Ndegeyo ili pazenera, mapiko opinda, ikununkhabe matope. Loweruka lino akufuna atsike ndi anzake okha, mankhwala anyamule yekha, ine nditsale pamakina. Ndamuuza kuti likawala dzuwa apite, ndipo apongozi ndiwauza ndekha. Amayi anzanga, inu mukadamukaniza?