Tsiku Limene Ndinapita ku Kabwata Kukaona Dalitso

Ndinanyamuka ku Chelstone nthawi ya eyiti m'mawa, Loweruka lina mu Okutobala. Azakhali anga, amene ndakhala nawo chitulukireni m'chipatala, anandiperekeza mpaka pokwerera basi. Anandifunsa katatu ngati ndamwa mankhwala. Ndinali nditamwa. Mankhwala amenewa amachedwetsa zinthu zonse, moti mawu a anthu amandifika ngati akuchokera kuseri kwa khoma.

Ndinkapita ku Kabwata kukaona mwana wanga Dalitso. Anali ndi miyezi khumi ndi umodzi. Ndinamuona komaliza ali ndi masabata atatu.

"Tauni, tauni! Basala babili chabe!" ankakuwa kondakitala, ngakhale kuti minibasiyo inali itadzaza kale mpaka pakhomo. Ndinalipira makwacha khumi ndi asanu n'kudzipanikiza pafupi ndi zenera. Mumsewu wa Great East mitengo ya jakaranda inali itachita maluwa. Ankagwa pang'onopang'ono pa magalimoto, ndipo ine ndinkaona ngati mzinda wonse ukadali kutulo.

Pamphambano yopita ku Kaunda Square panakwera mayi wachitsikana wonyamula thumba la makala ndi khanda kumsana. Anamasula chitenje, n'kuyang'ana uku ndi uku. Maso ake anaima pa ine.

"Ba sisi, nigwilileniko mwana."

Ndisanayankhe, mwanayo anali kale pamiyendo panga. Anali wofunda, wonunkhira mkaka ndi mafuta odzola. Chichitikireni zija, palibe amene anandipatsapo mwana kuti ndimunyamule.

Titayenda pang'ono tinadutsa mpanda wa chipatala cha odwala maganizo, kumene ndinakhala miyezi isanu. Apa ndifotokoze chimene chinanditengera kumeneko. Nditabereka Dalitso tulo tinandithawa. Kenako ndinayamba kumva mawu ondiuza kuti mwanayo akupsa moto m'kati. Masana ena, mwamuna wanga ali kuntchito, ndinadzaza madzi m'bafa n'kumumiza mwanayo kuti ndizimitse motowo. Mayi woyandikana nafe nyumba ndiye anamuvuula. Dalitso anapulumuka. Ine apolisi ananditenga, ndipo anthu a pamalo pathu anathamangira galimoto yawo akukuwa kuti ndine mfiti. Kukhoti, dokotala anafotokoza kuti pali matenda amene amagwira amayi ena akangobereka, oti munthu sadziwa chimene akuchita. Woweruza anamvetsa. M'malo mwa ndende, ananditumiza kuchipatala.

Pawailesi ya m'basimo ankakamba za mtsikana wina amene anataya khanda lake.

"Aba bafunika kubamanga moyo wonse," anatero mayi wa makala uja. "Si bantu aba."

Bambo wina wachikulire wovala jekete anapukusa mutu. "Nthawi zina ni matenda, amayi. Mulongo wanga anadwalapo so."

"Matenda ya bwanji? Ni nkhanza chabe!"

Mwana wa mayiyo anali atagwira batani la bulauzi yanga, akugona. Ndinkamva kupuma kwake pachifuwa panga, ndipo sindinasunthe mpaka tinafika m'tauni. Potsika, mayiyo anamutenga n'kundimwetulira.

"Muli na manja yabwino, ba sisi. Uyu sagona kwa bantu."

Inali itakwana hafu pasiti naini. Ndinayenda wapansi m'mbali mwa msewu wa Cairo. Ogulitsa nsapato, mafoni ndi masuti ankandiitana, koma ndinkangoona milomo yawo ikuyenda. Ndinagula zitumbuwa ziwiri za makwacha awiri awiri, n'kudyera chiimire pamthunzi wa sitolo. Kenako ndinaganiza zogulira mwana kanthu. Ndinaima nthawi yaitali pa mulu wa salaula, zovala zogwiritsidwapo kale ntchito, ndikutembenuza timalaya ta ana.

"Ali na saizi bwanji mwana?" anafunsa wogulitsayo.

Sindinkadziwa. Ndinabweza timalayato n'kugula nthochi.

Basi ya ku Kabwata inali makwacha khumi. Inatenga nthawi kuti idzaze, ndipo dalaivala ankangoiliza injini kuti tiziganiza kuti tikunyamuka. Tili mumsewu wa Burma ndinafuna kuuza kondakitala kuti nditsike ndibwerere. Ndinatsegula pakamwa kawiri konse. Ulendo wachitatu tinali titafika.

Dalitso amakhala ndi apongozi anga m'nyumba zosanja za ku Kabwata. Mwamuna wanga anasamukira ku Kitwe pa ntchito, ndipo za banja lathu sitinakambiranebe. Ndinakwera masitepe cha m'ma leveni. Apongozi anatsegula chitseko ndisanagogode. Ndi mayi wa Chigwirizano wa mpingo wa Reformed, wosakonda zolankhulalankhula. Kukhoti ankakhala kumbuyo, ndipo sanandiyang'anepo ngakhale kamodzi.

Ndinagwada. "Muli bwanji, amayi?"

"Tili bwino. Lowani, amake Dalitso."

Dzina limenelo ndinali ndisanalimve kwa nthawi yaitali.

Mwana anali pamphasa, akumenya chivundikiro cha poto ndi supuni. Anali ndi mano anayi ndi makutu a bambo ake. Anandiyang'ana ngati mmene ana amayang'anira munthu wobwera kudzawerenga mita ya madzi, kenako anakwawira kumiyendo ya agogo ake. Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo. Sindinatambasule manja. Namwino wa kuchipatala kuja anali atandiuza kuti ndisamukakamize.

Tinakhala choncho mwina ola lathunthu. Dzuwa linkalowera pa makatani, fumbi likuyandama m'kuwalako. Apongozi ankasankha nyemba m'lichero, diso limodzi lili pa ine. Ndinasenda nthochi n'kuigwira chabe. Dalitso anaiyang'ana, anayang'ana agogo ake, n'kuyamba kukwawa. Anaima pakati panjira. Anabweranso. Anagwira bondo langa n'kudzikoka mpaka kuimirira, ndipo analuma nthochiyo ili m'dzanja langa. Misozi inatsikira m'khosi mwanga, koma sindinatulutse mawu kuopa kumudzidzimutsa.

"Tinakuona kuti sukugona," anatero apongozi, osadzutsa mutu. "Tinati ndi ulesi wa atsikana a masiku ano. Tikanakutengera kuchipatala sabata yoyamba ija."

Kenako anaika lichero pambali, anamanga bwino chitenje, n'kutenga kachikwama kawo.

"Tomato watha. Ndifike pamsika apa."

"Amayi, mupite naye mwana?"

Anaima pakhomo.

"Dzuwa lakula. Akhale ndi amake."

Chitseko chinatsekeka. Ndinamva masilipasi awo akutsika masitepe, ndipo anathera pa sitepe yachinayi kapena yachisanu. Ndinadziwa kuti sanapite kumsika. Anakhala pomwepo, akumvetsera. Sindinawaimbe mlandu, chifukwa inenso ndikanachita chimodzimodzi.

Khoti linangotenga tsiku limodzi kunena papepala kuti ndilibe mlandu. Kunyumba zimatenga nthawi yaitali kuposa pamenepo, ndipo Loweruka limenelo apongozi anandipatsa mphindi khumi ndi mwana wanga. Dalitso anapukutira manja ake a nthochi pa siketi yanga, anakhala pansi pakati pa miyendo yanga, n'kundipatsa supuni kuti nanenso ndimenye chivundikiro.