Tsiku Limene Tinaika Mkamwini Wanga

Ndinadzuka kusanache. Kudzuka kwake kunali kungonyamula thupi pamphasa, chifukwa pa maliro munthu sugona, umangopumitsa maso. Amayi a mvano anali ataimba usiku wonse m'nyumba ya siwa, ndipo pofika nthawi imeneyo mawu anali atawathera. Ena anali atatsamirana m'zitenje, ena akung'ung'udza nyimbo chapansipansi. Panja chiperoni chinali chitagwira. Azibambo anali atazungulira zitsa za bulugamu zimene thirakitala ya ku esiteti inabweretsa, akuwotha moto, zipewa zitafika m'makutu.

Womwalirayo anali mkamwini wanga, bambo a Tadala, mwamuna wa mwana wanga Esitere. Kwawo ndi ku Khonjeni, koma anamanga pathu pano ku Nchilamwela monga timachitira kuno, ndipo ananena okha ali chidwalire kuti adzagone konkuno, pafupi ndi ana awo. Ntchito yawo inali yodulira tiyi. Matenda awo anali khansa ya kummero. Zinayamba ngati chakudya chikukakamira, kenako ndi phala lomwe linayamba kubwerera. Achipatala atanena kuti chotsala n'kungochepetsa ululu, Esitere anapachika dengu lake lothyolera tiyi n'kukhala gadiyani, usana ndi usiku, kuyambira mvula yoyamba mpaka nyengo yozizirayi.

Chimene chinkandidya mtima m'mawa umenewo sanali malirowo, koma Esitereyo. Chimwalirireni mwamuna wake anali asanagwetse msozi ngakhale umodzi. Anakhala pakona, nkhope kukhoma, osadya, osamwa, osayankha aliyense. Dzulo lake madzulo anandiuza mawu okhawo amene anatuluka m'kamwa mwake: “Nkhope sindiona, ndipo kumanda sindipita.” Achibale a ku Khonjeni anali atayamba kale kuyang'anana. Koma zonena za anthu sindinkaziopa kwambiri. Ndakula ine, ndaonapo akazi amene anauma chonchi pa maliro a amuna awo, ndipo sanabwererenso kukhala anthu.

Kutangoyera, adzukulu ananyamula makasu n'kulowera kumanda. Atsikana anayamba kutsika kumtsinje ndi ndowa. Kuseri kwa nyumba mafuwa anali atandandalika, utsi ukukana kukwera chifukwa cha chinyezi, ukungoyendayenda m'maso mwa ophika. Nandolo anali atamutereka kale usiku. Tiyi anawiritsira mumgolo, ndipo mayi wina anadandaula kuti tikukhala pakati pa minda ya tiyi koma masamba ake n'kukagula kugolosale. Anzake anaseka chobisa, pakamwa ataphimba ndi zitenje.

Anthu anayamba kufika. Ukaima pakhonde unkawaona akubwera mondondozana m'tinjira ta m'minda ya tiyi, akutuluka m'nkhungu mmodzimmodzi, ena ndi maambulera, ena atadzifunda mapulasitiki aja othyolera tiyi. Anzawo a malemu odulira anabwera pamodzi ndi akapitawo awo. Lole ya ku Khonjeni inakanika kukwera chitunda chifukwa cha matope, anthu n'kutsika kumalizitsa wapansi. Anabweranso bambo wina wachisilamu amene ankanyamula wodwala wathu pagalimoto yake popita kuchipatala ku Boma. Anasiya shuga kwa ophika n'kukakhala ndi azibambo.

Kenako ndinaona anesi akukankha njinga yawo yamoto. Anaizimitsira kutali kuti isasokose, ndipo anali atamanga chitenje pamwamba pa yunifolomu. Ine ndinatembenuza nkhope.

Ndinene chifukwa chake. Anesi amenewa ankabwera sabata iliyonse kudzaona mkamwini wanga kunyumba, ndi botolo la mankhwala opha ululu. Akalowa ankakhala pamphasa, osati pampando, ndipo atatha kufunsa za ululu ankafunsanso kuti, “Nanga mumtimamu, chikukuopsani n'chiyani?” Bambo a Tadala anali munthu wosayankhula, koma kwa iwowa ankamasuka. Akatuluka m'menemo ankatenga Esitere kupita naye kunthochi, kukakhala awiriwiri. Ine ndinkati n'kutaya nthawi, mankhwala atisiyira kale, nanga machezawo ndi a chiyani? Koma mwana wanga ankabwerako maso ali ofiira, n'kudya.

Ulendo wotsiriza anapeza Esitere akusinza chikhalire, kapu ili m'manja, madzi akutayikira pamiyendo. Anati, “Lero mukagone kwa amayi anu. Agogo adikirira.”

Ndinati, “Ine? Iii, anesi, kwanu kulibe apongozi?”

Kunotu mkamwini ndi apongozi ake sakhalirana pafupi. Chikwatireni mwana wanga, bambo a Tadala ndi ine tinali tisanakhalepo m'chipinda chimodzi. Moni tinkapatsana patali, aliyense atayang'ana kumbali. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'tiyi mpaka ine nditadutsa. Anesiwo anamvetsera, n'kunena kuti ndingokhala pakhomo pa chipinda, kuseri kwa nsalu. Esitere anakagona kwanga. Ndipo usiku womwewo mwamuna wake anatisiya. Ndiye mumtima mwangamu ndinkati, akanapanda anesiwa, mwana wanga sakanauma chonchi.

Tsono pa tsiku la malirolo, anesiwo anagwada pakhomo la siwa, kupepesa akuluakulu, n'kukwawira pakona paja panali Esitere. Sanamugwedeze Esitere, sanamuuze kuti alimbe mtima. Anangokhala pambali pake, nawonso nkhope kukhoma. Anakhala, anakhala, mpaka ine ndinatopa kuwasuzumira. Nditabwerako kokaona ophika ndinapeza pakonapo palibe munthu. Mtsikana wina anati akundiitana kunthochi.

Ndinawapeza atakhala pa thunthu logwa, madontho akugwa kuchokera m'masamba. Esitere anali chiweramire.

Anesi anati, “Agogo, khalani apa. Esitere akuti bambo a Tadala anapita ali okhaokha. Akuti iye anali m'tulo, inu munali kuseri kwa nsalu, ndipo iwo anamwalira ngati munthu wopanda wake. N'chifukwa chake akuchita manyazi kuwaona nkhope. Ndamuuza kuti amene ananena zoti agone ndi ine, katundu ameneyo andisiyire. Koma za usiku uja sindikuzidziwa, kunalibe ine. Munalipo ndinu.”

Aliyense amene anandifunsa ndinkangomuuza kuti malemu anangogona basi. Nanga nkhalamba ngati ine ndikanayamba bwanji kuuza anthu kuti ndinalowa kuchipinda kwa mkamwini? Sindinaganizepo kuti manyazi angawo ndi amene akumupha mwana wanga.

Ndinati, “Esitere, mwanawe, sanali okha. Ndinalowa.”

Anadzutsa mutu. “Inu amayi? Musandinamize.”

Ndiye ndinamufotokozera zonse mmene zinayendera. Chakum'bandakucha ndinamva akuitana ndi timawu tating'ono, “Amayi.” Ndinati ndikamudzutse Esitere. Anati, “Ayi, asiyeni agone, atopa. Lowani inuyo.” Ndinaima pansalu paja. Anati, “Zaka zonsezi ndakhala ndikukuthawirani m'tiyi, mame mpaka m'chiuno. Lero ndithawira kuti? Lowani.” Ndinalowa chammbali ngati nkhanu, n'kukhala pansi. Milomo yawo inali itauma, ndiye ndinaviika kansalu m'madzi n'kuwanyowetsa monga ndinkaonera anesi akuphunzitsa. Anapempha kuti ndiwadzutseko pang'ono, ndipo ndinawatsamiritsa pamkono wangawu. Kulemera kwawo kunali ngati kwa mwana. Anati, “Mwana wanu wandisunga. Mudzawauze kuti sindinasowe kanthu.” Anapempha nyimbo ina ya kutchalitchi ya Chilomwe imene amayi awo ankawaimbira. Ndinaimba ndi mawu anga osasawa. Ndinkayesa kuti akugona, ndipo ndinkati kukacha ndikamuitana Esitere. Nyimbo ikutha, mpweya nawo unatha, dzanja lawo lili m'dzanja langa.

Esitere anati, “Bwanji simunandidzutse?”

Ndinati, “Anakana eni ake. Ndipo ine sindinadziwe kuti ndi ulendo.”

Anesi anayankhula mofatsa. Anati pa ntchito yawoyi aonapo kangapo wodwala akupirira, akupirira, n'kudzapita pamene amene amamukonda kwambiri watulukako pang'ono. Anati chifukwa chake sachidziwa, ndipo sanganame kuti akuchidziwa, koma si kuti wotulukayo walakwa.

Esitere anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagwira mkono wanga uja, kuutembenuza ngati akufunapo chinachake, n'kuikapo nkhope yake. Kulira kumene kunatuluka pamenepo kunaimitsa ophika. Anesi sanamutontholetse. Anangomugwira kumsana, n'kundikodola kuti nanenso ndimusiye alire.

Sitinadziwe kuti asewere anga, amayi a malemu, anali ataima kuseri kwa nthochi ndi ndodo yawo, ndipo anamva zonse. Anabwera akupukuta m'maso, n'kukhala pa thunthu lomwelo.

Anati, “Ndiye asewere, mwana wanga munadzamuona nkhope tsiku lotsiriza?”

Ndinati, “Ndinamuona, asewere.”

“Ndiye mwaona kuti sitinakupatseni chinthu chonyansa eti?”

Tinaseka tonse misozi ili m'masaya, ndi anesi omwe. Asewerewo anagwira dzanja la Esitere n'kunena kuti, “Tiyeni mayi, mukamuone mwamuna wanu asanatseke.”

Nthawi yoona nkhope itakwana, Esitere analowa woyamba, ine mbali iyi, asewere mbali inayo. Anagwada pabokosi, kukonza kolala ya malaya a mwamuna wake, n'kuwanong'oneza mawu amene ine sindinamve ndipo sindinafunse. Tadala ndi mng'ono wake anabwera pambuyo pake atagwirana manja.

Mwambo unachitikira pabwalo. Amalume a malemu anafotokoza mmene matenda anayendera ndipo anathokoza akuchikazi posamala wodwala. Akapitawo anati malemu akadulira mzere, tiyi wake ankaphuka mofanana ngati wameta ndi lumo. Abusa analalikira mwachidule chifukwa cha nyengo, zimene ambiri anaziyamikira. Chiperoni chinali chitasanduka kamvula kowaza, kosanyowetsa msanga koma kolowa mpaka m'mafupa.

Bokosi ananyamula anzawo odulira aja, akusinthana. Njira ya kumanda kwathu imadutsa m'mphepete mwa munda wa esiteti, ndipo ndi yopapatiza, ndiye mzere wa anthu unatalika kwambiri, oyamba atafika kumitengo otsiriza asanachoke pakhomo. Amayi a mvano anali patsogolo ndi nkhata, malaya awo oyera atadontha matope ofiira. Othyola tiyi amene sanapeze tchuthi tsiku limenelo anaima m'mizere yawo, madengu kumsana, azibambo atavula zipewa, mpaka tonse titadutsa. Esitere anayenda yekha ndi miyendo yake. Pamalo poterera anatsetsereka, anesi n'kumugwira, ndipo sanamusiyenso mpaka kumanda.

Adzukulu anatsitsa bokosi bwinobwino. Dothi linali lonyowa, lolemera, ndipo ankalandirana makasu mwachangu. Atatha kuumba mtumbira anaitana mkazi wa malemu kuti aike nkhata yoyamba. Anaika, n'kukhala chogwada pang'ono, n'kudzuka yekha. Ine anandiitana pamodzi ndi asewere, ndipo tinaika yathu imodzi anthu awiri.

Titabwerako anthu anasamba m'manja n'kudya. Ndinaona Esitere atalandira mbale ya nandolo, ndipo ngakhale sanamalize, anadya. Lole ya ku Khonjeni inanyamuka kusanade poopa msewu. Anesi atabwera kudzatsanzika ndinawadulira phava la nthochi zakupsa n'kuwamangira ndekha kumbuyo kwa njinga. Mawu opepesa anandikanika, koma ndikhulupirira anamva. Anati abweranso sabata yamawa. Ndinati, “Kudzaona ndani, poti wodwala wanu tamuika?” Anati, “Uyo watsalayo ndi wanganso. Ndi inu nomwe, agogo. Inunso simunalirebe mokwanira.” Ndinati ayambe apita, kukuda.

Madzulo pakhomo panatsala anthu ochepa, achibale odikira kudzasesa m'mawa mwake. Zitsa zija zinali zitatha, patsala phulusa lonyowa. Ana anagona msanga kwa ine, osasamba n'komwe. M'nyumba ya siwa mphasa zinali zitapindidwa, ndipo munamveka kukula ngati si nyumba yomwe ija. Ndinakhala pansi kutsamira khoma kuti ndiwongole miyendo. Esitere anabwera n'kugona pafupi nane, mutu pamwendo panga, zimene anasiya ali kamtsikana.

Anati, “Amayi, yambiraninso. Kuyambira paja anakuitanani.”

Ndinayambiranso, osadumpha kanthu. Pena ankandiimitsa kuti ndibwereze mawu ake enieni a mwamuna wake. Pena anaseka, pena analira pang'ono. Nditamaliza ndinayesa kuti wagona. Kenako anati, “Mawa mudzandiuzenso.”

Ndinati ndidzamuuza, mawa ndi tsiku lina lililonse limene angafune.