Tonde wa Bambo ndi Pini Yofiira

Azakhali anga anagwira ntchito zaka makumi awiri ku ofesi yofufuza matenda a ziweto. Anthu ankawatcha Mayi Mabotolo, chifukwa kulikonse ankayenda ndi kabokosi kozizira kodzaza timabotolo ta magazi a mbuzi. Sanali dokotala ayi. Ntchito yawo inali kutenga magazi, kufunsa mafunso mpaka mwini khola atatopa nawo, kenako kubaya pini yofiira pa mapu a pakhoma paliponse pamene pagwa matenda. Makani ndiye osanena, ndipo ine ndinatengera komweko.

Chaka china mbuzi zinayamba kupoloza, ana kumabadwa akufa. Makola khumi ndi limodzi, ena otalikirana kwambiri. Abwana awo ankati vuto ndi madzi. Azakhali anakana, poti mbuzizo sizinkamwa malo amodzi. Anabwereranso khola ndi khola, funso lili limodzi: "Zazikazi zanuzi zinakweredwa ndi tonde wa ndani?"

Onse anatchula tonde wa bambo anga.

Tonde ameneyo bambo ankamukonda kuposa ife ana awo, ndikunenetsa. Anali woyera, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, fungo lake lofika kumsewu. Ankamubwereketsa kwa aliyense wopempha, ndipo anthu akamuyamikira, bambo ankayenda monyang'wa sabata yonse.

Azakhali anafika m'mawa, mpando anaukana.

"Achimwene, ndabwera kudzatenga magazi a tonde."

"Wadwala chiyani? Simukuona mmene akudyeramo?"

"Wofalitsa matenda amenewa saoneka kudwala."

"Ndiye mbuzi zonse m'dziko muno zatha, achemwali, kuti mufike pa wanga?"

"Mugwireni nyanga."

Patatha masabata awiri zotsatira zinatuluka. Akanatha kutuma wina, koma pepalalo anabwera nalo okha, ndipo pini ya pakhomo pathu anaibaya ndi dzanja lawo. Tonde anaphedwa n'kukwiriridwa kuseri kwa khola, nyama osalawa ndi pang'ono pomwe. Bambo anatha chaka osalankhula nawo. Ine sindibisa, azakhaliwo ndinawada. Ndinkati munthu wanji wosadziwa kuti magazi ndi magazi.

Kupepesa sanapepese. Ankangozungulira makola aja mwezi ndi mwezi, kuyeza, kupatula zodwala, kukalipira anthu kuti mkaka aziwiritsa. Nsapato zawo zajombo zinang'ambika, anazimata, zinang'ambikanso. Chaka chachiwiri tiana ta mbuzi tinayambanso kulira m'makola, ndipo mapini anayamba kuzulidwa imodziimodzi. Yathu yokha inatsala, chifukwa bambo sankawalola kuponda pakhomo.

Tsiku lina masana bambo anatulukira pa ofesi paja, thukuta lili kamukamu, akukoka tonde watsopano pachingwe. Moni sanapereke.

"Uyu sanapite kwa aliyense," anatero maso ali pansi. "Muyambe inu."

Azakhali anatsegula kabokosi kawo.

"Mugwireni nyanga, achimwene."