Phando Limene Ndinkafukula

Ndowe za njovu zikakhala zam'mawa zimanunkha ngati udzu wowola wothiridwa mowa wosasa. Fungo limenelo ndi limene linatilandira kumunda kwathu ku Chifunda, chaka chimene ndinali giredi folo. Chimanga chinali chitabereka kale, ndevu zitayamba kuda. Tinapeza mapesi ali lambalamba, ena atazulidwa ndi mizu yomwe, ndipo m'mapazi a njovu munali mutadikha madzi amatope. Atate anali atamwalira chaka chinacho, ndiye munda umenewo tinalima awiri ndi amama, mlongo wanga Tisa akungolondola pambuyo.

Ine mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Ndinatola chibuma n'kuchiponya kutchire, ndikutukwana njovu ndi make yemwe. Amama sanandiletse. Anatola ngala imodzi yotafunidwa theka, n'kuiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mulungu watiyesa."

Mawu amenewo anandizunguza mutu. Kuyesa kumene ndinkakudziwa ine kunali kwa kusukulu: pepala, pensulo, ndi aticha oyendayenda manja ali kumbuyo. Ndiye funso la Mulungu linali lotani? Tikayankhe kuti? Ndinakafunsa aticha athu a Zimba, ochokera kutauni, amene ankalalikiranso kutchalitchi kwathu.

"Aticha, Mulungu akayesa munthu, amachonga ndani? Nanga zotsatira zimatuluka liti?"

Anaseka mpaka kugwira chitseko. Ine ndinapsa mtima, ndinamenya desiki theche n'kutuluka, yankho lawo osalimva.

Kukhitchini kwathu, pamwamba pa moto, panali ngala zisanu ndi imodzi za chimanga cha makolo zosungira mbewu, zakuda ndi mwaye. Masiku amenewo tinkadya masamba a maungu ndi therere, m'mimba mukulira ngati achule. Tisa ankagona chagada n'kumaziyang'ana ngalazo. Ndinapempha amama kuti tikazinge ngakhale ziwiri.

"Tikadya lero, mawa tidya chiyani, Yona?" anatero. "Mulungu watiyesa, manje nafe tiyeseko."

Madzi atatsika mumtsinje, tinatsitsa ngala zija, tinazitonola n'kupita kudimba. Dothi lake linali lakuda, lozizira, lomata kuzala, ndipo linkanunkha nkhono. Amama anagwada pamatope pomwepo n'kupemphera m'Chisenga, mawu ochepa chabe, ngati akulankhula ndi mnansi. Kenako anayamba kukumba mapando, ine ndikuponya njere zitatuzitatu n'kufotsera ndi chidendene. Dzanja linkalemera. Njere iliyonse ndinkaiona ngati chakudya cha Tisa chimene ndikupatsa chiswe.

Pamenepo ndinaganiza zanga. Ngati Mulungu amayesa anthu, nanenso ndimuyesa. Ndinasankha phando limodzi lakumapeto, ndinazikapo kamtengo, n'kunena chamumtima kuti ndione ngati agwiradi ntchito. M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkathamangira kudimba, n'kufukula phandolo ndi chala. Tsiku loyamba njere zinali momwemo. Lachiwiri zinali zitafufuma. Lachitatu ndinapeza kamuzu koyera ngati dzino la khanda. Ndinakatembenuza uku ndi uku kufuna kuona pamene kalumikizira, ndipo kanathyoka. Ndinakwirira msanga, n'kubweranso mawa lake kudzaona zinazo.

Patatha sabata dimba lonse linali litabiriwira, timasamba tosongoka titandanda m'mizere. Panatsala malo amodzi okha a dazi, pamene panali kamtengo kanga. Amama anaima pamenepo, anayang'ana zala zanga zamatope, ndipo anazindikira zonse. Ndinkayembekeza khofi.

"Wam'peza Mulunguyo?" anafunsa.

Ndinapukusa mutu.

"Uzim'patsako mpata agwire ntchito," anatero, n'kupitiriza kupalira.

Chimanga chija sichinachuluke. Anyani anatengako gawo lawo, ndipo tinakolola madengu ochepa, koma anatifikitsa pamene maungu ndi mbatata za anansi zinatithandiza kuwoloka njalayo. Tisa lero ndi mayi wa ana awiri.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti Mulungu wakwiya nane, ndiye wandichongera ziro ine ndekha m'dimba lonse. Sukulu ndinaisiyira giredi seveni, ndipo mpaka manje ndikapempherera kanthu Lamulungu, pofika Lachitatu ndimakhala nditayamba kale kukalipa kuti yankho lili kuti. Koma ukali ukamakwera ndimadzigwira n'kudzifunsa ngati walephera ndi Iye, kapena ndi ine amene ndayambanso kuthyola mizu ndi chala changa.