Kukhuza Maliro pa Simenti

Chaka chomaliza cha maphunziro anga a zamaganizo ananditumiza kukaphunzira ntchito pa kiliniki ina cha ku Bertrams, mumzinda wa Joni. Ndinapita mutu utadzaza mabuku, ndikudziona ngati dokotala kale, chonsecho ndinali ndisanathandizepo munthu ngakhale mmodzi. Anandipatsa kachipinda ka tebulo limodzi ndi mipando iwiri. Amene ankandiyang'anira, mayi wa Chizulu wosachedwa kuseka, anati popeza ndine Mmalawi, onse olankhula Chichewa azibwera kwa ine.

Umu ndi mmene ndinadziwira mayi ena a ku Mulanje, ogwira ntchito yam'nyumba. Manesi anali atatopa nawo. Tsiku lililonse mutu, koma akawayeza osapeza kanthu. Tulo sankationa, chakudya chinkawakanika, ndipo thupi linkangotha ngati sopo.

Milungu itatu ndinachita zonse monga anatiphunzitsira. Ndinkawayang'ana m'maso, iwo n'kumayang'ana pansi. Ndikafunsa mmene akumvera mumtima, ankati ali bwino, kaya ine. Ndinkalemba ndithu, koma musandifunse zomwe ndinkalembazo. Mlungu wachinayi anandiuza mwaulemu kuti sabweranso, kuopa kumangonditayitsa nthawi. Ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti akatuluka pakhomo paja palibenso amene awafunse kanthu mu Joni muno.

Pofuna kungowachedwetsa, ndinasiya mafunso a papepala n'kufunsa ngati kumudzi onse ali bwino. Anayankha ngati akunena za mvula kuti amayi awo anatisiya miyezi isanu yapitayo. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali atatha, ndiye akanapita sakanabwereranso, ndipo ana akanadya chiyani? Uthenga unawapeza akusita malaya a abwana, ndipo anamaliza kusita. Mwambo wonse wa maliro anauonera pa foni ali m'bafa, mawu atatsitsa. Kumene ankachita lendi ankakhala ndi anthu osawadziwa, makoma ake a mabolodi, moti kulira mokweza kukanakhala kusokoneza anthu.

Apa nzeru za m'mabuku zinandithera. Chomwe ndinakumbuka n'chakuti kwathu namfedwa sumupanikiza ndi mafunso uli khale pampando. Ndinavula nsapato, ndinakankhira mpando kumbali, n'kukhala pa simenti miyendo tambalale, siketi yanga ya ku ofesi ikufuna kung'ambika.

"Pepani amayi," ndinatero. "Pepani ndi zovutazi."

Anandiyang'ana kumaso koyamba chidziwirane. Kenako anatsika nawonso n'kukhala pambali panga, phewa kugunda phewa. Kulira kunayamba chapansipansi, kenako kunatuluka konse, akuitana amayi awo, kuwafunsa kuti awasiyira yani. Ondiyang'anira aja anasuzumira, anationa tili pansi, anatseka chitseko pang'onopang'ono n'kukauza a pamzere kuti adikire kaye. Inenso ndinalira, ngakhale anatiphunzitsa kuti tizidzigwira, ndipo mpaka lero sindichita nazo manyazi.

Anabweranso mlungu wotsatira, ndi wina, mpaka tulo tinayamba kubwera. Ndinawakonda mayi aja, ndipo ankandiseka kuti sukulu yonseyi koma wosadziwa kumanga mpango. Koma za tsiku lija sindiiwala. Atatonthola anadzuka, anadzisansa fumbi, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri monga amachitira potsanzikana ndi obwera pamaliro.

"Zikomo pobwera, mwana wanga," anatero. "Ndinu woyamba kudzandiona chimwalirire amayi."